Khola la Zipata Zambiri

Ine sindine munthu wolankhula. Akazi anga amati tsiku lomwe ndinawafunsira ndinanena mawu ochepa kwambiri moti anavomera asanadziwe bwino chomwe akuvomera. Kwathu ndi kwa Maseya, koma ntchito ndinaipeza kwa Mlolo, ya ukalaliki pa bungwe la alimi a ng'ombe. Ndinaikonda chifukwa ndinkaganiza kuti kalaliki amakhala ndi kompyuta, ndipo kompyuta sifuna kupatsidwa moni.

Kompyutayo anatisiyira anthu a pulojekiti ina yomwe inatha kalekale. Inali laputopu yokalamba, yodya magetsi a sola, yolira ngati njuchi ikatenthedwa. M'kati mwake munali detabesi, ndiye kuti nkhokwe ya zonse zokhudza ng'ombe za mamembala athu. Ng'ombe iliyonse inali ndi mzere wake: nambala ya kapulasitiki ka pakhutu komwe alimi amati ndolo, mwini wake, mudzi, mtundu, tsiku lomwe inabayidwa katemera, ndiponso zithunzi ziwiri, cha kumanja ndi cha kumanzere. Zithunzizo ankati zithandiza pa nkhani za umbava. Mwina zinathandizadi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti zinkalemera.

Lamulo la bungwe linali lakuti ng'ombe isakwere lole pokhapokha mudzi wonse womwe ikuchokera utalandira katemera wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Choncho tsiku la msika mlimi akafika pawindo langa, ndinkalemba dzina la mudzi wake, kompyuta n'kuyamba kuyendera ng'ombe za m'mudzimo imodziimodzi. Ikapeza kuti zonse zinabayidwa, ndinkadinda chilolezo. Zaka zoyamba zinkayenda. Koma mamembala anachuluka, ng'ombe zinaswana, ndipo kagudumu ka pa sikirini kanayamba kuzungulira nthawi yaitali moti munthu akanatha kusenda chinangwa n'kuchitsuka.

Vuto langa silinali kagudumuko. Linali munthu woima pawindo.

Munthu akaima pamaso pako, iwe utangokhala, manja ali pa tebulo, sungangomuyang'ana. Uyenera kunena kanthu. Ambiri mwa alimiwo amalankhula Chisena, ndipo Chisena changa n'cha pamsika: ndimamva, koma poyankha lilime limabwerera kwa Maseya. Ndinali ndi mafunso atatu okha: za kutentha, za mvula, ndi za ana. Akatha atatuwo kagudumu kakuzungulirabe, ndinkayambiranso.

"Mwacherwa tani, a kalaliki?" anatero bambo wina tsiku lina.

"Ndadzuka bwino. Ana ali bwanji?"

Anandiuza za ana onse, mmodzimmodzi, mpaka wa ku Joni. Ndinayang'ana kagudumu. Ndinayang'ana denga.

"Nanga ana ali bwanji?"

"Akadali bwino monga ndanenera muja, a kalaliki. Akasintha ndikuuzani."

Mzere wonse unaseka. Ine ndinatsegula dirowa n'kuyamba kufunafuna chinthu chomwe sichinatayike.

Izi zikanangokhala manyazi anga, ndikanapirira. Koma pa msika wina wa m'chilimwe mzere unafika mpaka pa mtengo wa nimu, ng'ombe zinaima padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo nkhunzi ya mlimi wina inagwa ndi ludzu. Inadzuka, koma ogula, omwe amabwera ndi malole kuchokera ku Blantyre, anaiona itagona ndipo palibe anaifunanso. Madzulo ake apampando a bungwe anandiitana. Ndi bambo wamkulu, anagwirapo ukapitawo ku minda ya nzimbe, ndipo salankhula kawiri.

"A kalaliki, msika wa mwezi wamawa zikakhalanso chonchi, chinthu chanuchi tichibwezera m'katoni. Tibwerera ku mabuku."

"Ndamva, bambo."

"Ndipo mabuku ali nawo kale mwini wake."

Ankanena mlembi wa komiti, yemwe ankasunga mabukuwo ine ndisanabwere. Ndinamva bwino lomwe. Kompyuta ikalowa m'katoni, ine ndikwera basi ya kwa Maseya, pa msinkhu woti palibe angandilembenso ntchito.

Achimwene anga ali ndi mwana wamkazi ku Blantyre, yemwe ntchito yake ndi yomweyi ya madetabesi, koma akuluakulu a m'makampani. Ndinazengereza masiku angapo, chifukwa kuyimba foni ndi kulankhulanso. Kenako ndinakwera pachulu cha kuseri kwa ofesi, pomwe netiweki imagwira, n'kumuyimbira.

Anandifunsa mafunso ambiri. Anandiuza kuti ndilembe mawu ena pa kompyuta ndi kumuwerengera zomwe yayankha. Ndinkatsika pachulu, kulemba, kukweranso, kuwerenga. Pomaliza anaseka.

"Bambo aang'ono, vuto lanu ndaliona. Mukufunika kavaringi indekisi."

"Chimagulidwa kuti?"

"Sichigulidwa. Tamverani. Tiyerekeze kuti ng'ombe zonse zili m'khola limodzi lalikulu. Pa chipata pali pepala losanjidwa mudzi ndi mudzi, lonena pomwe ng'ombe iliyonse yaima. Pepalalo ndiye indekisi, ndipo yoteroyo muli nayo kale. Mukafunsa za mudzi wakuti, kompyuta imawerenga pepalalo msanga. Koma pepalalo silinena za katemera. Ndiye imalowa m'khola, kupita pa ng'ombe yoyamba, kuona tsiku la katemera, kubwerera pa chipata, kupita pa yachiwiri. Ndipo m'kholamo ndi mopanikizana ndi zithunzi zanu zija."

"Ndiye tichotse zithunzi?"

"Ayi. Tilembe pa chipata pomwepo zonse zomwe funso lanu limafuna: mudzi, tsiku la katemera, nambala ya ndolo, mwini. Zinayi basi. Kompyuta ikafika pa chipata ipeza yankho lonse, m'khola osalowamo. Ndiye kavaringi imeneyo: indekisi yokwanira payokha. Koma funso lanu lizifunsa zinayi zokhazo. Mukangowonjezera chachisanu chomwe sichili pa chipata, yalowanso m'khola."

Ananditumizira mawu oti ndilembe, mzere umodzi wa Chingerezi. Ine ndine munthu wosamala. Ndinayamba ndakopera detabesi yonse pa fulashi. Ndinawerenga mzerewo katatu. Ndinaulemba ndi chala chimodzi. Kenako ndinafunsa za mudzi waukulu kuposa yonse, womwe kagudumu kake kankandithera mafunso onse atatu kawiri.

Yankho linatuluka chala chisanachoke pa batani.

Ndinaganiza kuti yalakwitsa. Ndinafunsanso. Chimodzimodzi. Ndinafunsa midzi yonse motsatana, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaseka ndekha mu ofesi, chinthu chomwe sindichitachita. Ndinathamangira pachulu.

"Zatheka, mwanangu. Zikomo."

"Eya! Ndasangalala. Koma bambo aang'ono, pali chinthu china chomwe muyenera kudziwa, chifukwa indekisi ili ndi..."

"Ndamva, ndamva. Upereke moni kwa onse."

Ndinadula. Sikuti mayunitsi anatha. Anali ambiri. Ndinangoona kuti nkhani yafika pamapeto, ndipo ine nkhani ikafika pamapeto ndimaithandiza kutha.

Masabata otsatirawo anali okoma kuposa ena onse pa ntchito yanga. Mlimi akabwera kudzafunsa za mudzi wake, ndinkamuyankha asanamalize moni. Ndinayamba kuyenda mosiyana. Akazi anga anandifunsa ngati andikweza. Mawu oti kavaringi indekisi ndinkawanena chamumtima ndikupalasa njinga, ndipo tsiku lina ndinawanena mokweza pa mpingo, pa msonkhano wokonza denga, popanda chifukwa chilichonse.

Kenako anabwera msungichuma wa komiti, mayi wamasiye wokhala ndi ng'ombe zambiri kuposa amuna ambiri, yemwe amalankhula Chisena ndi Chimang'anja m'chiganizo chimodzi osapuma. Anafuna kudziwa ng'ombe zazikazi zakuda zomwe zili m'dera lathu, chifukwa yake ina inasochera. Ndinalemba funsolo. Kagudumu kanabwerera. Mtundu wa ng'ombe sunali pa chipata.

Mayiwo anakhala pa benchi n'kuyamba kundiuza mbiri ya ng'ombeyo kuyambira kwa agogo ake a ng'ombeyo. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa kagudumu, mtima ukuti: izi sizidzachitikanso.

Atapita ndinatenga mzere wa Chingerezi uja. Ndinauyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti si wovuta. Pali dzina la indekisi, pali zinthu zolembedwa m'kati. Munthu wa Fomu Folo angalephere bwanji? Ndinasintha dzina, ndinaika mtundu kutsogolo, n'kudina. Chipata chachiwiri chinamangidwa. Funso la ng'ombe zakuda linayankhidwa ngati mphezi.

Pamenepo ndiye ndinapenga, mwakachetechete, monga amapengera anthu osamala. Ndinakhala pansi n'kukumbukira funso lililonse lomwe munthu anandifunsapo pawindo. Ng'ombe za mwini mmodzi. Ng'ombe zopanda nyanga. Nkhunzi zofula. Ana a ng'ombe yakuti. Ng'ombe zomwe zinapita pa malowolo. Ng'ombe zomwe zinasamuka ndi madzi osefukira. Funso lililonse ndinalimangira chipata chake. Ndipo pofuna kuti kompyuta isadzalowenso m'khola ngakhale mwangozi, pa chipata chilichonse ndinalembapo zambiri: mwini, mudzi, ndolo, mtundu, ndi tsiku la katemera. Tsiku la katemera ndinaliika paliponse, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi lofunika. Chikanatheka, ndikanaikaponso zithunzi.

Chipata chilichonse ndisanamange ndinkakopera detabesi pa fulashi. Zopusa zanga ndimazichita mwadongosolo.

Mwana wa achimwene sindinamuuze. Ndinkafuna kudzamudabwitsa pa Khirisimasi.

Chizindikiro chinalipo. Ndikalembetsa thole latsopano, kompyuta inkayamba yaganiza kaye isanavomere, kagudumu n'kuzungulira pang'ono. Kale sinkatero. Ndinati ndi kutentha. Kwa Mlolo chilichonse ungachinamizire kutentha, ndipo palibe angakutsutse.

Tsiku la msika ndinavala malaya oyera, ositidwa ndi akazi anga. Ndinafika dzuwa lisanatuluke bwino. Chaka chimenecho katemera anafika mochedwa, moti alangizi a ziweto anamaliza kubaya dzulo lake. M'mawa umenewo mmodzi wa iwo anabwera pa njinga yamoto ndi fulashi yokhala ndi masiku atsopano a katemera a ng'ombe za midzi yambiri. Popanda kuwalowetsa, kompyuta ikananena kuti midzi yonseyo sinabayidwe, ndipo palibe ng'ombe ikanakwera lole. Ntchito yolowetsayo ndinkaidziwa. Kale inkatenga nthawi yomwera tiyi.

Ndinadina. Kagudumu kanayamba.

Ndinamwa tiyi. Kanali kakuzungulira. Malole anafika, ogula anatsika, akudzikuntha fumbi. Ng'ombe zinayamba kulowa m'bwalo. Mzere unayambika pawindo. Ndinayesa kufunsa za mudzi umodzi kuti ndithandizeko woyamba, kompyuta inandiuza mwaulemu kuti ili pa ntchito ina, ndidikire.

Woyamba pa mzere anali bambo wa ana uja.

"Mwacherwa tani, a kalaliki? Ana ali bwino onse, ndanena ndekha kuti musavutike."

Sindinaseke. Laputopu inali italira kale ngati njuchi zomwe zaberedwa uchi.

Apampando anabwera, anasuzumira pawindo, anayang'ana kagudumu, anandiyang'ana ine. Anapita kuseri kwa ofesi, ndipo pobwera anali ndi katoni yopanda kanthu. Anaiika pakhomo n'kubwerera ku bwalo.

Ndinakwera pachulu. Malaya anali atamatirira kale kumsana.

"Mwanangu, yaima."

"Yaima bwanji? Mwasintha chiyani?"

"Palibe. Kungoti ndinawonjezerako pang'ono."

"Mwawonjezera chiyani, bambo aang'ono?"

"Zipata."

Kenako anati ndimuwerengere mayina a ma indekisi onse. Ndinali nawo pamtima, chifukwa ndinkawanyadira. Ndinayamba kutchula. Nditapitirira khumi anandiimitsa.

"Ndipo tsiku la katemera lili pa angati?"

"Onse."

Ndinamva akupuma mwamphamvu, monga amachitira bambo ake akaona mbuzi m'dimba.

"Ichi ndi chomwe ndinkafuna kukuuzani tsiku lija munadula foni. Indekisi imafulumiza kufunsa, koma imachedwetsa kulemba. Chinthu chikasintha m'khola, kompyuta iyenera kukachisinthanso pa chipata chilichonse chomwe munachilembapo. Ng'ombe imodzi ikabayidwa, m'busa wanu akuzungulira khola lonse, kufufuta apa, kulemba apo, kusanjanso pepala lililonse. Ndiye mwamupatsa ng'ombe za midzi yonse tsiku limodzi, pa laputopu ya msinkhu wanu."

Za msinkhuzo ndinazilola zidutse.

"Ndiizimitse?"

"Musayerekeze! Mukaizimitsa iyamba kubweza zonse zomwe yalemba, chipata ndi chipata, ndipo kubwezako ndi ulendo womwewo. Yafika pati?"

Ndinatsika, ndinayang'ana, ndinakwera. "Yapitirira theka."

"Isiyeni imalize. Ikamaliza mugwetse zipata zonse, musiye choyamba chija. Ndikutumizirani mawu ake. Pakali pano ikwezeni pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi, isazime ndi kutentha. Ndipo bambo aang'ono..."

Chala changa chinali kale pa batani lofiira. Ndinachichotsa.

"Ndikumva."

"Palibe china. Ndimangofuna ndione ngati mudikire."

Nditatsika pachulu ndinapeza msungichuma ali mu ofesi mwanga. Anali atamva zonse, chifukwa pachulu munthu amakuwa. Ananyamula okha njerwa ziwiri, tinaikweza laputopu, iwo n'kung'amba chivindikiro cha katoni ya apampando n'kuyamba kuikupiza. Akukupiza choncho anatulutsa mutu pawindo n'kufotokozera mzere wonse, m'zilankhulo ziwiri, zomwe ndinachita.

"A kalaliki athuwa amanga khola la zipata khumi ndi zingapo, m'busa mmodzi! Ng'ombe ikatsokomola, m'busa akalengeze pa chipata chilichonse!"

"Nanga ng'ombe zimatulukira chiti?" wina anafunsa.

"Nkhabe!" anatero msungichuma. "Sizituluka. Zipatazo n'zoonera."

"A kalaliki, kwanu kwa Maseya nyumba zanu zili ndi makomo angati?"

Anthu anaseka mpaka ana ogona kumbuyo anadzuka. Ine ndinaima pakati pa ofesi. Kompyuta sinkandifuna. Mzere unkafuna kuti ndinene kanthu, ndipo mafunso anga atatu anali atayankhidwa kale: kunkatentha, mvula kunalibe, ana anali bwino.

Ndinayang'ana ku bwalo. Dzuwa linali litakwera. Ng'ombe zinali zitaweramitsa mitu, zina thovu lili kukamwa. Wogula wina anali akuyang'ana wotchi. Ndinakumbukira nkhunzi yomwe inagwa mwezi wathawo, ndipo ndinadziwa kuti ikagwa ina lero, katoni ija idzadza ngakhale ilibe chivindikiro.

Kuseri kwa ofesi kunali zidebe ziwiri ndi mgolo wodula pakati. Mjigo uli patali pang'ono, kupitirira bwalo la mpira. Ndinatulutsa mgolowo, ndinaugubuduza mpaka pakati pa ng'ombe, ndinatenga zidebe n'kuyamba ulendo. Sindinganene kuti chinali chifundo chokha. Ku mjigo kunalibe mzere wofuna kucheza nane.

Ulendo woyamba anthu anangondiyang'ana. Kalaliki wa malaya oyera, nsapato zopolisha, zidebe m'manja. Amayi omwe ndinawapeza pa mjigo anandipatsa mpata, mwina poganiza kuti ndadwala mutu. Ulendo wachiwiri madzi anandikhutukira m'nsapato, ndipo ndinkayenda zikulira. Ng'ombe ina yofiira, pothokoza, inapukutira mphuno yake pa malaya anga. Ulendo wachitatu bambo wa ana uja anachoka pa mzere, anandilanda chidebe chimodzi.

"Bweretsani kuno. Inu mumatunga madzi ngati mmene mumachezera."

Ena anatsatira, ndi zidebe zobwereka m'nyumba zapafupi. Pasanapite nthawi panali mzere wina, wochokera pa mjigo kufika pa mgolo, chidebe chikudutsa m'manja. Ine ndinaima pakati pawo, ndikulandira ndi kupereka. Imeneyo ndi ntchito yabwino. Palibe amayembekezera kuti ulankhule uli wefuwefu.

Lole imodzi inapita. Mwini wake anati sangagone m'njira chifukwa cha kompyuta, analiza injini, fumbi linatiphimba tonse. Ndinaona apampando akuiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Ogula enawo anatsala. Mwina anaona kuti ng'ombe zikumwa ndipo sizigwa. Mwina ankangofuna kuona mapeto a seweroli.

Dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka pamutu, msungichuma anakuwa pawindo.

"A kalaliki! Chamaliza chinthu chanu! Bwerani, mkono wanga watha!"

Ndinalowa mu ofesi ndikudontha. Ndinapukuta manja pa thalauza, lomwenso linali lonyowa. Mawu ogwetsera zipata anali atafika pa foni. Ndinagwetsa chimodzichimodzi: cha ng'ombe zakuda, cha zopanda nyanga, cha malowolo. Cha malowolo chinandiwawa, chifukwa ndinachimanga bwino. Chinatsala choyamba chija, cha zinthu zinayi.

Kenako ndinatsegula windo. Mudzi, yankho, chidindo. Mudzi, yankho, chidindo. Ng'ombe ikagulidwa, kusintha dzina la mwini kunkachitika nthawi yomweyo, kagudumu osaoneka n'komwe. Mzere womwe unafika pa mtengo wa nimu unatha mofulumira moti omwe anapita kukagula thobwa anabwera n'kupeza malo awo adutsa. Malole otsalawo ananyamuka kukadali kowala. Palibe ng'ombe inagwa.

Komiti inakumana pansi pa nimu madzulo omwewo. Ine ndinakhala pa njerwa, nsapato zili pambali zikuuma. Alimi ena omwe ng'ombe zawo zikanakwera lole yoyamba ija anabwerera nazo kumudzi, ndipo apampando anayamba ndi zimenezo. Ananena mosakweza mawu. Zinali zoona. Mlembi anali atabweretsa mabuku ake, atawaika pamwendo, akuwasisita ngati mphaka.

"Ndiye tinene kuti chinthuchi chimagwira ntchito kapena ayi?" anafunsa apampando.

"Chimagwira," anatero msungichuma. "Mwaona nokha masanawa. Mabuku akanatha mzere uja? Mpaka mangwana, mawa ndithu, tikanali pano. Chinthucho chilibe mlandu. Mtsikana wa ku Blantyre alibenso mlandu. Vuto ndi chala cha a kalaliki. Chimadula foni anthu asanamalize."

"Ndiye tidule chala?"

"Ayi, chimadindanso zilolezo. Tingowalanda batani."

Anagwirizana motere, ndipo mlembi analemba m'buku mwake nkhope ili yowawasa: kompyuta ikhale, kalaliki akhale. Koma chipata chatsopano chisamangidwe popanda kufunsa ku Blantyre, ndipo foni yofunsirayo iziyimbidwa mokweza, pachulu, msungichuma ali pomwepo. Wodula foni akhale iwowo.

Apampando anatenga katoni yawo, anayang'ana pomwe panali chivindikiro, n'kuibwezera kuseri.

Lamulolo likugwirabe ntchito. Mafoni athu amatenga nthawi. Nkhani ya detabesi imatha msanga, kenako msungichuma ndi mwana wa achimwene amayamba zawo: mitengo ya zitenje, mnyamata yemwe akumufuna, miyendo yotupa. Ine ndimaima pambali pachulu, nditagwira foni m'mwamba ngati mlongoti wa netiweki. Koma pakati pa nkhanizo ndaphunziramo zina. Chipata chachiwiri tinamanga chaka chatha, chofufuzira ng'ombe za mwini mmodzi, chifukwa funso limenelo limabwera tsiku lililonse. Cha ng'ombe zakuda anakana. Anati funso lobwera kamodzi pa chaka likhoza kulowa m'khola, silifa.

Chomwe sindinayembekezere ndi ichi. Kompyuta tsopano imayankha munthu asanatsamire pawindo. Ndimadinda chilolezo, ndimachipereka, ndimati zikomo. Munthuyo amachipinda, amachiika m'thumba, n'kutsamira bwinobwino.

"Takhuta, zikomo, a kalaliki. Nanga simufunsa za ana?"

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti anthu amaima pawindo langa chifukwa cha kagudumu. Ndinafunsapo mwana wa achimwene ngati pali indekisi ya zimenezi. Msungichuma ndi omwe anayankha, ndipo yankholo linatenga mayunitsi onse.